AL-SAMAW'AL: MNYAMATA WA ZAKA 19 AMENE ANAGAWA x³ POPANDA KULEMBA x



Amene muli Fomu 4, kapena munadutsamo kale, mukukumbukira mutu uja wa ma polynomial. Aphunzitsi alemba pa bolodi kachinthu kautali koyamba ndi x³, akuti gawani ndi (x − 2), kenako pezani ma factor onse. Ambiri a ife pamenepo ndi pomwe mutu unkayamba kuwawa. Ena tinkangokopera osamva, tikumati bola pa MSCE lisabwere. Ndipo limabwera ndithu.

Lero tikufuna tikudziwitseni munthu amene anayala njira imeneyi m'buku zaka zoposa 870 zapitazo. Anali wamng'ono kuposa ambiri amene mukuwerenga pano. Dzina lake ndi al-Samaw'al ibn Yahya al-Maghribi. Anabadwa Myuda, anamwalira Msilamu, ndipo pakati pa ziwirizi panali masamu, mankhwala, ndi bambo ake amene ankawakonda kwambiri.

MWANA WA M'NYUMBA YA MABUKU

Al-Samaw'al anabadwira ku Baghdad cha m'ma 1130. Bambo ake, Yehuda ibn Abun, anali rabbi, ndiye kuti mphunzitsi wa chipembedzo cha Chiyuda, komanso mlakatuli wa Chiheberi. Kwawo kunali ku Fez, m'dziko la Morocco, n'chifukwa chake mwanayo ankatchedwa al-Maghribi, munthu wa kuzambwe, ngakhale iye anakulira ku Iraq. Mayi ake, a Hannah, anali a ku Basra, mayi ophunzira bwino Taurat ndi zolemba za Chiheberi. Dzina loti Samaw'al ndi Samuel m'Chiarabu. Amene munamvapo nkhani ya mfumu Talut mu Surah Al-Baqarah, ma ulama ambiri a tafsir amati mneneri amene Aisiraeli anamupempha mfumu uja anali Samuel yemweyu.

Mpaka zaka 13, mwanayu ankaphunzira Chiheberi ndi Taurat kwa bambo ake. Kenako bambowo anamutumiza kukaphunzira mawerengero a ku India, omwe ndi manambala 1 mpaka 9 ndi 0 amene timagwiritsa ntchito lerowa, komanso matebulo a kayendedwe ka nyenyezi ndi zamankhwala. Zamankhwala anaphunzira kwa Abu'l-Barakat al-Baghdadi, dokotala wotchuka wa nthawi imeneyo, amenenso anabadwa Myuda n'kudzalowa Chisilamu atakalamba.

Koma Baghdad wa nthawi ya al-Samaw'al sanali Baghdad uja wa al-Khwarizmi. Panali patadutsa zaka zoposa 300 chilembereni al-Khwarizmi buku lake la al-jabr, pomwe panachokera dzina loti algebra. Akatswiri a masamu anali atachepa mumzindamo. Mnyamatayu atafuna kuphunzira buku la Euclid, lomwe lili ndi zigawo 13, aphunzitsi amene anawapeza anangomufikitsa zigawo zoyambirira basi. Kupitirira apo panalibe womutsogolera.

Akanatha kunena kuti basi, aphunzitsi palibe, ndisiye. Iye anatenga zigawo zotsalazo n'kuwerenga yekha. Anawerenganso algebra ya Abu Kamil wa ku Egypt, ndi mabuku a al-Karaji, katswiri amene anamwalira cha m'ma 1029, zaka pafupifupi 100 iye asanabadwe. Pofika zaka 18 anali atawerenga pafupifupi buku lililonse la masamu limene akanatha kulipeza. Ndipo powerenga al-Karaji anaona malo amene mkuluyo anasiyira panjira. Ali ndi zaka 19 analemba buku lake lotchedwa al-Bahir fi'l-jabr, kutanthauza chonyezimira cha mu algebra.

ALGEBRA YOPANDA x

Tangoganizani kaye vuto limene anali nalo. Nthawi imeneyo kunalibe x, kunalibe chizindikiro cha + kapena −, kunalibe kanambala kakang'ono kapamwamba kaja. Zonse zinkalembedwa m'mawu. Chosadziwika, chomwe ife timati x, iwo ankati shay, chinthu. x² ankati mal, chuma. x³ ankati ka'b. x⁴ inali mal mal, x⁵ inali mal ka'b, x⁶ inali ka'b ka'b. Ndiye funso lomwe ife timalemba mzere umodzi, iwo linkawatengera ndime yonse ya mawu. Kugawa ndime ya mawu ndi ndime ina ya mawu, osasokonezeka, sinali ntchito yamasewera.

Al-Karaji anali atayamba kale kuganiza kuti zosadziwikazi zikhoza kuwonkhetsedwa, kuchotsedwa, kuchulukitsidwa ndi kugawidwa monga momwe timachitira ndi manambala wamba. Koma pa kugawa anafika pogawa ndi chinthu chimodzi chokha. Kugawa mndandanda ndi mndandanda unzake, apo ndi pomwe mnyamata uja anapitiriza.

Nzeru yake inali iyi. Mukalemba 2,375, simulemba kuti masauzande awiri, mahandiredi atatu ndi zina zotero. Malo amene nambala yakhala ndi amene akukuuzani kukula kwake. Al-Samaw'al anati algebra ichite chimodzimodzi. Anajambula tebulo la madanga. Danga lapakati ndi la nambala wamba, ndipo analiwerenga ngati malo a 0. Mbali imodzi anaika shay pa malo oyamba, mal pa malo achiwiri, ka'b pa malo achitatu, kumapitirira. Mbali inayo anaika magawo ake: 1/x, 1/x², 1/x³. Mukafuna kuchulukitsa mal ndi ka'b, mungoyenda masitepe atatu kuchokera pa malo achiwiri, mwafika pa malo achisanu. Lamulo la ma indices lija, loti pochulukitsa timawonkhetsa timanambala tapamwamba, ndi limeneli. Tebulo likajambulidwa, mawu onse aja safunikanso. M'danga lililonse mumangolemba nambala yake.

TIYENI TIGAWE LIMODZI

Tengani cholembera, chonde, musangowerenga. Tili ndi:

2x³ + 3x² − 11x − 6

Choyamba tipeze factor imodzi. Timayesa manambala amene amagawa 6. Tikaika 1 m'malo mwa x, tipeza 2 + 3 − 11 − 6, zomwe ndi −12. Ayi. Tikaika 2, tipeza 16 + 12 − 22 − 6, zomwe ndi 0. Ndiye kuti (x − 2) ndi factor. Sitepe imeneyi inabwera pambuyo pa al-Samaw'al. René Descartes anailemba momveka mu 1637. Koma kugawa kumene kukubwera apaku ndi kwa tebulo lija.

Lembani manambala okha, iliyonse m'danga lake:

2 | 3 | −11 | −6

Chogawira chathu (x − 2) chikhala 1 | −2. Chiikeni pansi pa madanga awiri oyamba.

1 amalowa kangati mu 2? Kawiri. Lembani 2 pamwamba. Chulukitsani chogawira ndi 2, mupeza 2 | −4. Chotsani: 2 kuchotsa 2 ndi 0, ndipo 3 kuchotsa −4 ndi 7. Chatsala ndi 7 | −11 | −6.

Sunthani chogawira danga limodzi. 1 amalowa ka 7 mu 7. Lembani 7 pamwamba. Chulukitsani, mupeza 7 | −14. Chotsani: −11 kuchotsa −14 ndi 3. Chatsala ndi 3 | −6.

Sunthaninso. 1 amalowa katatu mu 3. Lembani 3. Chulukitsani, mupeza 3 | −6. Chotsani, palibe chotsala.

Pamwamba tili ndi 2 | 7 | 3, ndiye kuti 2x² + 7x + 3. Iyi ndi quadratic ya ku Fomu 3 ija, imasweka kukhala (2x + 1)(x + 3). Choncho:

2x³ + 3x² − 11x − 6 = (x − 2)(2x + 1)(x + 3)

Mwaona? Pogawa monsemo sitinalembe x ngakhale kamodzi. Gawani, chulukitsani, chotsani, sunthani, bwerezani.

Pali malo awiri amene ambiri timagwera, ndipo onsewo al-Samaw'al anawaona. Oyamba ndi kuchotsa nambala ya negative. Iye nambala za positive ankazitchula zowonjezera, za negative ankazitchula zoperewera, ndipo analemba malamulo ake mmodzimmodzi. Ukachotsa choperewera, zili ngati wawonjezera. N'chifukwa chake 3 kuchotsa −4 yatipatsa 7, osati −1. Malo achiwiri ndi danga lopanda kanthu. Mukapatsidwa x³ − 7x + 6, muona kuti x² palibe. Wophunzira wothamanga amalemba 1 | −7 | 6, ndipo zonse zimasokonekera pomwepo. Danga la x² liyenera kukhalapo ndithu, muikemo 0: 1 | 0 | −7 | 6. Al-Samaw'al anafotokoza kuti ukachotsa chowonjezera pa danga lopanda kanthu, chimatsala ndi choperewera, ndipo ukachotsa choperewera pa danga lopanda kanthu, chimatsala ndi chowonjezera. Kwa ife izi zikuoneka zazing'ono. Pa nthawi yake, akatswiri ambiri ankapewa n'komwe kuchotsa chinthu pamene palibe kanthu.

Ndipo iye sankasewera ndi timafunso tating'ono ngati kathuka. Chitsanzo chake chimodzi m'bukumo chili ndi madanga 11, kuyambira 20x⁶ mpaka 20/x⁴, ndipo anachigawa ndi 2x³ + 5x + 5 + 10/x. Yankho linatuluka lopanda chotsala: 10x³ + x² + 4x + 10 + 8/x² + 2/x³.

Chitsanzo china n'chokoma kwambiri. Anagawa 20x² + 30x ndi 6x² + 12. Uku kugawa sikutha, kumangopitirira. Manambala amatuluka motere: 3⅓, kenako 5, kenako −6⅔, kenako −10, kenako 13⅓, kenako 20. Iye atayang'anitsitsa anaona kuti nambala iliyonse ndi ya madanga awiri m'mbuyo yochulukitsidwa ndi −2. Atadziwa zimenezo sanafunikenso kugawa, ankangolemba manambala otsatira. Ameneyo ndi mwana wa zaka 19, akulemba pamanja, popanda calculator.

M'buku lomwelo muli katebulo ka makona atatu ka manambala kamene lero kamatchedwa dzina la Blaise Pascal, Mfalansa amene anabadwa mu 1623. Al-Samaw'al sananene kuti n'kake. Analemba poyera kuti anakatenga kwa al-Karaji. Buku la al-Karaji limene munali katebuloka linasowa, moti lero tikudziwa za ntchito imeneyi chifukwa mnyamatayu anatchula mwini wake. M'nthawi ino ya kukopera post ya mnzako n'kufufutapo dzina lake, apa pali choti tiganizire.

Tinene chilungamo, al-Samaw'al sanapeze njira yothetsera cubic iliyonse. Umar Khayyam, amene anamwalira mu 1131, anazithetsa pojambula mizere yokhota n'kuona pamene ikudutsana. Sharaf al-Din al-Tusi, wa m'badwo womwewo wa al-Samaw'al, anafufuza nthawi imene cubic imakhala ndi yankho ndi nthawi imene ilibe. Formula yake yeniyeni inasindikizidwa ndi Gerolamo Cardano mu 1545. Aliyense anaika njerwa yake. Njerwa ya al-Samaw'al ndi tebulo lija.

FUNSO LIMENE MASAMU ANAMUSIYIRA

Masamu sanamupatse chakudya. Ankadya za udokotala, akuyenda m'mizinda ya Iraq, Syria ndi Azerbaijan, kuchiza anthu wamba ndi mafumu omwe. Koma masamu anamusiyira chizolowezi chimodzi: osavomereza yankho usanaone umboni wake. Mu geometry ya Euclid, sunganene kuti izi n'zoona chifukwa aphunzitsi anatero. Uyenera kuonetsa sitepe iliyonse.

Chizolowezi chimenechi chinamutsata mpaka pa nkhani ya chipembedzo. Iye mwini analemba mbiri ya moyo wake, ndipo anafotokoza mmene zinayendera. Kuyambira ali mwana ankakonda mabuku a mbiri, mpaka anafika pa mabuku akuluakulu monga la al-Tabari. Mmenemo anakumana ndi moyo wa Mtumiki Muhammad (swalla Allahu alaihi wasallam) ndi maswahaba ake. Anayambanso kuona kukoma kwa Chiarabu cha Qur'an. Kenako anadzifunsa funso lovuta. Ngati chifukwa changa chokhulupirira Musa (alaihi salaam) n'choti makolo anga anandiuza, nanga Mkhristu ndi Msilamu, si makolo awonso anawauza? Palibe wa ife amene anaona aneneriwa ndi maso. Tonse tinalandira nkhani zawo kudzera mwa anthu ochuluka, m'badwo ndi m'badwo. Ndiye umboni umene ukundichititsa kuvomera Musa ukundikakamizanso kuvomera Isa ndi Muhammad, mtendere ukhale pa iwo onse. Sindingatenge umboniwo pamene ukundikomera n'kuutaya pamene ukundivuta.

Mumtima anali atatsimikiza. Koma anakhala zaka osanena. Chifukwa chake chinali chimodzi: bambo ake. Rabbi uja amene anamuphunzitsa kuwerenga, amene anamutumiza kwa aphunzitsi a masamu, amene ankamukonda kwambiri. Al-Samaw'al ankadziwa mmene nkhaniyi idzawapwetekere, ndipo sankafuna kuwaswa mtima.

Mu 1163 anali ku Maragha, mzinda umene lero uli kumpoto chakuzambwe kwa Iran, kutali ndi bambo ake amene anali ku Aleppo. Usiku wa pa 9 Dhul Hijjah 558, lomwe ndi tsiku la Arafah, pa 8 November, analota maloto awiri. M'maloto oyamba anakumana ndi mneneri Samuel, mwini dzina lake. M'maloto achiwiri anakumana ndi Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam) ndipo anapereka shahada pamaso pake. Kutacha anapita kwa mkulu amene ankamusunga mumzindamo n'kumuuza kuti walowa Chisilamu. Linali Lachisanu, ndipo tsiku lomwelo anaswali Jumu'ah pamodzi ndi Asilamu.

Koma taonani munthu wa masamu. Za malotowo sanauze anthu kwa zaka zinayi. Ndipo pamene anazilemba, anachenjeza owerenga kuti asaganize kuti anasiya chipembedzo cha makolo ake chifukwa cha maloto, popeza munthu wanzeru samanga moyo wake pa maloto popanda umboni. Umboni anali nawo kale. Malotowo anangomudzutsa kuti asiye kuzengereza.

Analembera kalata bambo ake kuwafotokozera zifukwa zake. Bambowo ananyamuka ulendo kuti akaonane ndi mwana wawo. Anadwala panjira, ndipo anamwalira asanakumane.

Sitingathamange pamenepa. Pakati pathu pali abale ndi alongo amene analowa Chisilamu makolo awo asakufuna. Ena anasiya kuitanidwa ku zochitika za pabanja, ena mayi awo amalira akawaona atavala hijab. Ife obadwira m'Chisilamu timakuwa takbir tsiku la shahada, kenako aliyense kwawo, osafunsa kuti m'baleyo akukagona nyumba yotani usiku umenewo. Al-Samaw'al anasenza mtolo womwewo. Sanaone bambo ake ngati mdani. Anawalemekeza mpaka kuchedwetsa chimene mtima wake unkafuna, ndipo atachita, sanawabisire, anawalembera.

Analembanso buku lotsutsa chipembedzo chake chakale, lotchedwa Ifham al-Yahud. Ndi buku la mawu akuthwa, monga analili mabuku a mitsutso a nthawi imeneyo, ndipo akatswiri a Chiyuda, monga Ibn Kammuna wa ku Baghdad, anadzaliyankha pambuyo pake. Ife chimene tikutengapo pa moyo wake ndi kufunafuna umboni kuja. Kunyoza anzathu a zipembedzo zina m'ma comment si cholowa chimene tikufuna.

ZAKA ZOMALIZA

Atalowa Chisilamu sanatseke mabuku a masamu. Analemba buku loonetsa zolakwika za akatswiri a nyenyezi, ndipo mmenemo anatsutsa maganizo oti akale anadziwa zonse ndipo obwera pambuyo alibe chowonjezera. Mu 1172 analemba al-Qiwami, buku la mawerengero a ku India, momwe anapitiriza nzeru ija ya madanga mpaka pa magawo a khumi, a handiredi, a sauzande, zomwe ife timati ma decimal. Anakhazikika ku Maragha akugwira ntchito ya udokotala, ndipo ana ake anatsata ntchito yomweyo. Anamwalira komweko cha m'ma 1180, ali ndi zaka pafupifupi 50. Allah amukhululukire ndi kumuchitira chifundo.

Mabuku ake ambiri anasowa. Al-Bahir inapulumuka m'mipukutu yolembedwa pamanja yosungidwa ku Istanbul, ndipo inakhala zaka mazanamazana osawerengedwa ndi anthu ambiri. Mu 1972, Salah Ahmad ndi Roshdi Rashed anaisindikiza ku Damascus, ndipo dziko linaona zimene mnyamata uja anachita.

NANGA IFE?

Ambiri timadandaula kuti kusukulu kwathu aphunzitsi a masamu ndi mmodzi, mabuku ndi ochepa, silabasi sitinamalize. Ndi zoona, ndipo si vuto laling'ono. Koma kumbukirani kuti al-Samaw'al naye aphunzitsi ake anathera panjira. Chimene anali nacho ndi mabuku a anthu amene anamwalira kalekale, ndi kuleza mtima kokhala nawo pansi mpaka amve. Ife tili ndi foni m'manja, ndipo bundle yomwe timathera pa TikTok ikhoza kutsitsa mapepala a mayeso akale.

Enanso timaganiza kuti maphunziro a dini ndi a ku madrassa, masamu ndi za dziko, ziwirizi sizikumana. Funsani Sheikh wanu mmene amagawira chuma cha masiye, theka, gawo lachitatu, gawo lachisanu ndi chitatu, muone ngati sagwira cholembera. Al-Khwarizmi gawo lalikulu la buku lake la algebra analipereka ku mafunso a mirath. Ndipo kwa al-Samaw'al, masamu ndi amene anamuphunzitsa kufunsa funso limene linamufikitsa pa shahada.

Ndiye nayi ntchito ya lero. Tengani x³ − 7x + 6 ija. Ikani 0 m'danga lopanda kanthu, pezani factor yoyamba, gawani ndi tebulo, ndipo mulembe ma factor onse atatu m'munsimu. Amene mwapeza msanga, musangoseka anzanu, afotokozereni pamene aphonya. Ndipo ngati mukudziwa m'bale kapena mlongo amene analowa Chisilamu ndipo kwawo zinthu sizili bwino, muimbireni foni sabata ino, mumuitane adzadye nanu.

Allah atiwonjezere maphunziro opindulitsa, awapepukitsire mayeso onse amene akulemba chaka chino, ndipo afewetse mitima ya makolo athu. Ameen.